Galasi la ku Krasnogorsk m'misewu ya Berlin

Moni nonse kumudziko, moni abale a ku Joni, a ku Leeds ndi kwina konse komwe mukumvera. Kuno ku Berlin kwazizira zedi, dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane, ndiye ndakhala pansi ndi kapu ya tiyi kuti ticheze. Lero nkhani za viza ndi lendi zipume kaye. Ndikufuna ndikusimbireni za malenzi akale a ku Soviet Union omwe ndakhala ndikujambulira mzinda uno.

Lamulungu lililonse kumakhala msika wa kaunjika ku Mauerpark, pomwe padadutsa khoma lija lidagawa Berlin pakati kuyambira 1961 mpaka 1989. Kumeneko mumapeza majekete, mbale, mawotchi akufa, ndipo pakati pa zonsezo pamakhala makamera a Zenit ndi Zorki atangounjikidwa m'katoni. Lenzi yanga ndidaipeza kumeneko: Helios-44-2, wa 58mm, f/2 (nambala yosonyeza kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala), wachitsulo chokhachokha, wolemera m'manja. Mtengo wake ndi ma euro makumi angapo basi, ndipo mumanenerera ngati kwathu konko, bola mukhale ndi ndalama m'thumba.

Chodabwitsa n'chakuti galasi limeneli kwawo kwenikweni ndi konkuno. Nkhondo yachiwiri itatha, mzinda wa Jena, komwe kunali fakitale ya malenzi ya Carl Zeiss, udagwera m'manja mwa Asoviet. Mu 1946 adazula makina, natenga mapulani ndi akatswiri ambiri kupita nawo kwawo. Helios-44 adatsata lenzi ya Zeiss yotchedwa Biotar, Jupiter-8 adatsata Sonnar, Industar adatsata Tessar. Fakitale ya KMZ ku Krasnogorsk, kufupi ndi Moscow, idayamba kupanga, kenako mafakitale a ku Minsk ndi ku Valdai nawonso adalowapo. Helios ankabwera atamangidwa kale pa kamera ya Zenit, ndipo adapangidwa mamiliyoni. N'chifukwa chake mpaka lero ngwotchipa. Pa malenzi ambiri, manambala awiri oyamba a siriyo amakuuzani chaka chomwe adatuluka m'fakitale. Wanga ndi mkulu kwa ine.

Kuti agwire ntchito pa kamera yamakono mumagula adapita, kachitsulo kopanda waya ngakhale umodzi. Lenzi ili ndi mazinga otchedwa M42, mumangopotokola mpaka ithine. Ikathina, kamera sidziwa n'komwe kuti mwaikapo chiyani. Fokasi ndi dzanja lanu. Kabowo kolowetsa kuwala nako kali ndi mphete ziwiri: yoyamba mumasankhira nambala, yachiwiri mumatsegulira kuti muone bwino, n'kutsekanso musanadine. Pamene mukumaliza zonsezi, tramu yachikasu ija mumafuna kujambula yafika kale pa siteji ina.

Chomwe anthu amamukondera Helios n'chomwe amachita kumbuyo kwa munthu. Mukatsegula pa f/2, munthu n'kuima mamita awiri kapena atatu, kumbuyo kuli masamba kapena magetsi a msika wa Khirisimasi, zonse zakumbuyozo zimazungulira ngati kamvuluvulu wa mu Okutobala pabwalo la mpira. Gwero lake ndi chilema cha lenzi: kuwala kolowera m'mbali kumadulidwa ndi thupi la lenziyo, ndiye timadontho tomwe pakati tili tozungulira timaphwatalala tikamayandikira m'mphepete, n'kundandalika mozungulira. Ine ndinene zoona, pa intaneti achita nazo mopitirira. Chithunzi chilichonse kamvuluvulu, mpaka mutu kuwawa. Chimakoma apo ndi apo, makamaka madzulo a nyengo ino pomwe mzinda wonse ndi wotuwa ndipo mtundu uli m'magetsi mokha.

Pa nyumba ndiye ayi, musavutike naye. Kamera yanga ndi ya sensa yaing'ono, choncho 58mm imakhala ngati 87mm, kutanthauza kuti imaona kadera kochepa. Nsanja ya wailesi yakanema ya ku Alexanderplatz, yotalika mamita 368, siingakwanemo pokhapokha mutabwerera m'mbuyo mpaka dera lina. Ku Karl-Marx-Allee, msewu waukulu womwe boma la East Germany lidamanga m'zaka za m'ma 1950 ukutchedwa Stalinallee, ndimapita ndi lenzi ina yoona dera lalikulupo, Mir-1 wa 37mm. Ameneyu amanyada, ena adawalemba pathupi kuti adapambana mphoto ku Brussels mu 1958. Koma dzuwa likangomuwomba kumaso, chithunzi chonse chimayera mbuu.

Tsono nkhani yomwe ndimafunitsitsa kukuuzani ndi ya anthu. Ajeremani sakonda kujambulidwa. Ali ndi lamulo la mu 1907 loti nkhope ya munthu simungaifalitse popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo amalidziwa. Kwathu wojambula akafika pa njinga, ana amathamanga, amayi amakasintha chitenje. Kuno mukaloza foni, munthu amatembenuka kapena kukufunsani mwaukali kuti mukutani. Onjezanipo kuti ndinu wakuda, mlendo, Chijeremani chake chothyokathyoka.

Koma ndi chitsulo chakalechi zinthu zimasintha. Umaima nthawi yaitali, ukupotokola, ukuwerama, ndipo aliyense amaona kuti sukuba chithunzi. Achikulire a kum'mawa kwa mzindawu amachizindikira patali. M'dera lomwe ndimakhala, anthu omwe sitipatsana moni pa masitepe aimapo n'kufunsa kuti ndidachitenga kuti. Ambiri anali ndi kamera ya Praktica ya ku Dresden, yomwe mazinga ake ndi M42 yemweyo, ndipo sachedwa kukuuza kuti galasi la ku Jena linkaposa la Arasha.

Bambo wina wachikulire pa bwalo la Frankfurter Tor adayang'ana lenzi, nandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati ndine wa ku Mozambique. Adagwirapo ntchito m'fakitale limodzi ndi anyamata a kumeneko. Mu 1979 East Germany idasainirana pangano ndi Mozambique, ndipo achinyamata masauzande ambiri adabwera kudzagwira ntchito. Khoma litagwa, ambiri adabwezedwa, ndipo gawo la malipiro awo lomwe ankalonjezedwa kuti akalipeza kwawo akulilirabe mpaka lero ku Maputo, komwe amawatcha Madgermanes. Ndidawauza bambowo kuti ndine woyandikana nawo, wa ku Malawi, dziko lomwe Kamuzu sankafuna kumva fungo la chikomyunizimu. Adaseka, nandilola kuwajambula. Chithunzicho ndidawatumizira iwo okha, pa tsamba langa simuchiona.

Kwa inu mukufuna kugula, pitani ndi tochi. Walitsani mkati mwa galasi, muone ngati muli nkhungu yooneka ngati timizu toyera. Tsekani kabowo muone ngati timasamba take tili ndi mafuta. Potokolani fokasi kuchokera uku mpaka uko, chifukwa girisi wa nthawi ya Brezhnev, mtsogoleri wakale wa Soviet Union, amauma, ndipo kukazizira amalimbiratu. Malenzi awiri a dzina limodzi akhoza kusiyana kutalitali, choncho tengani kamera ndi adapita, muyesere pomwepo wogulitsa akuona.

Sabata yamawa tidzakamba za komwe timapeza ufa wa nsima kuno, poti mwafunsa ambiri. Tsalani bwino.