Anthu aku Malta amene anayamba kukhala ku San Francisco

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse mwabwera. Amene muli kumbuyoko sendelani pafupi kuti timvane bwinobwino.

Amene mumawerenga Baibulo chilumba cha Malta mukuchidziwa kale, kungoti mumachidziwa ndi dzina loti Melita. Pa Machitidwe 28 paja ngalawa itasweka Paulo ndi anzake anapulumukira pa chilumba, eni ake nkuwasonkhera moto poti kunali mvula ndi chisanu, njoka nkumuluma Paulo padzanja koma osafa, eya, ndi pomwepo. Kadziko kakang'ono zedi pakati pa nyanja ya Mediterranean kumwera kwa Sicily, kokwana ma square kilomita 316 basi, nthaka yake miyala yokhayokha ndipo mtsinje weniweni kulibe. Ankalamulidwa ndi a British ngati ife ndipo ufulu analandira 1964 yomweyo, ife July iwo September.

Nde chinawachotsa kwawo nchani? Ntchito. Amuna ambiri ankadalira doko la sitima zankhondo za a British, nkhondo ikakhalapo ntchito mbwee, ikatha anthu nkuchotsedwa. Nkhondo yoyamba itatha mu 1918 zinavuta kwambiri, buledi anakwera mtengo mpaka pa 7 June 1919 anthu anachita ziwonetsero mu Valletta, likulu la dziko lawo, asilikali a British nkuwombera, anthu 4 anafa. Nthawi imeneyo ndi pamene anyamata ambiri ananyamuka. Mwa amene analowera ku America, ochuluka anapita ku Detroit kumafakitale a magalimoto, ena New York, koma kagulu kena kanawoloka America yense pa sitima yapamtunda mpaka kunyanja ya Pacific ku San Francisco, poti kumeneko kunali kale abale awo amene anatsogola zaka za m'ma 1900 zikungoyamba.

Musaganize kuti anafikira kumalo okongola mumaona pa TV aja ayi. Anafikira ku Bayview kufupi ndi Hunters Point, dera lomwe anthu ankalitcha Butchertown chifukwa kunali nyumba zophera ng'ombe ndi zofufutira zikopa, fungo lake losaneneka, magazi ndi zonyansa zonse zikutayidwa m'madzi. Koma lendi inali yotchipa ndipo ntchito inali pafupi, kokonza sitima padoko, kunjanji, kumafakitale. Ambiri anabwera okha akazi ndi ana atawasiya kumudzi, amagona angapo chipinda chimodzi nkumatumiza ndalama kwawo, ngati mmene ankachitira agogo athu ku Joni nthawi ya Wenela. Ndipo mu 1921 America inaika malamulo ochepetsa anthu olowa, mu 1924 nkuwonjezeranso kukhwimitsa, ndiye taganizani bambo wasunga ndalama kuti aitanitse mkazi wake kenako akumva kuti chitseko chatsekedwa, ena anadikira zaka zambirimbiri ana nkukulira kutali osawadziwa bambo awo.

Tsopano apa ndi pamene pamandikhudza ine. Anthuwa anali Akatolika olimba koma chinenero chawo palibe wina ankachimva, chimachokera ku Chiarabu ngakhale amalemba ndi zilembo ngati zathuzi. Munthu ukufuna kulapa, wansembe sakukumva. Ukudwala mwakayakaya, palibe wokupempherera mmawu amene mayi ako anakuphunzitsa. Nde ngakhale anali ochepa komanso osauka anasonkherana, anapeza wansembe wa chipani cha Franciscan wochokera kwawo, nkupeza holo mu Bayview momwemo kuisandutsa tchalitchi. Dzina analipatsa loti St. Paul of the Shipwreck, kukumbukira kusweka kwa ngalawa kuja, ndipo kwawo tsiku limeneli amalikondwerera pa 10 February chaka chilichonse. Wansembe amene anakhala nawo nthawi yaitali anali bambo Theophilus Cachia. Patchalitchi pamenepo mlendo wongofika kumene ankamva kumene kukulembedwa ntchito, ndani ali ndi chipinda, ndani akupita kumudzi woti nkumupatsira kalata.

Mu 1930 anayambitsanso kalabu yawo, malo oti akaweruka azikacheza, kusewera makadi, kudya pastizzi, timakeke tokhukhuluza toikamo tchizi kapena nsawawa mkati, komanso kuthandizana pakagwa matenda kapena maliro. Kalabuyo ilipobe mpaka lero, inasamukira ku South San Francisco.

Itatha nkhondo yachiwiri kunabweranso ena ambiri chifukwa Malta inaphulitsidwa koopsa ndi ndege za Germany ndi Italy. Pang'onopang'ono mabanja atapeza bwino anachoka ku Bayview kupita ku San Bruno, Millbrae ndi matauni ena akumwerako, mpaka Millbrae inapanga ubale ndi tauni ya Mosta yaku Malta. Tchalitchi chija dzina ndi lomwelo koma masiku ano opemphera ambiri ndi anthu akuda aku America, amene makolo awo anabwera kudzagwira ntchito padoko la Hunters Point nthawi ya nkhondo.

Ndaona amayi uko akweza mkono, funsani mayi.