Walleye mu Okutobala: masana pansi, usiku m'mphepete

Takulandirani nonse. Lero tili ku North America, pa nyanja za Erie ndi Mille Lacs, ndipo nsomba yathu ndi walleye, yomwe chigawo cha Minnesota, komwe kuli Mille Lacs, chinaisankha mu 1965 kukhala nsomba yoimira chigawo chawo. Nyengo yake ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala, masamba akamayoyoka, madzi n'kumazizira. Musachoke, za usiku zikubwera.

Choyamba, zida, mwachangu: ndodo yowedzera, ulusi wopyapyala, ma jig (mbedza zokhala ndi kamutu kolemera) ndi layisensi ya chigawo chomwe muli. Basi. Zambiri zili mu vidiyo ina, linki ili m'munsimu.

Chachiwiri, masana. Mkati mwa diso la walleye muli kachikopa kobweza kuwala, n'chifukwa chake limanyezimira ngati la mphaka mukaliunika. Mumdima imaona bwino, koma dzuwa limaithobwa m'maso. Ndiye masana imakhala pansi, m'mbali mwa miyala pomwe nyanja yayamba kuya mwadzidzidzi. Kolowekani kansomba kamoyo pa jig, tsitsani mpaka igunde pansi, kwezani pang'ono, dikirani. Kawirikawiri simumva kukoka, ulusi umangolemera. Kokani pomwepo! Koma chonde, musamawedze kupyola mamita 9 ngati mukufuna kubweza nsomba m'madzi. Thumba lake la mpweya limatupa mukaikweza, ndipo zambiri zimafa ngakhale muzibweze.

Tsopano bodza lomwe limandinyansa. Anthu amati madzi akazizira nsomba sizidya, ndiye ikani nyambo yaing'ono. Ayi, abale anga, ayi! Walleye ndi nsomba yokonda madzi ozizirirapo. Madzi akatsika kufika madigiri 10, msodzi wina akupachika ndodo m'galaja, iyo ndiye ili kalikiliki kusaka. Taganizani: zazikazi zimaikira mazira chisanu chikangotha, cha mu Epulo, ndipo mazirawo ayamba kale kukula m'mimba panopa. Zikufuna mafuta. Nanga zikudya chiyani? Tinsomba tomwe tinaswedwa mu Meyi takula chilimwe chonse, sitilinso tating'ono. Ku Erie walleye zikuthamangitsa nsomba zotchedwa shad. Ku Mille Lacs kuli tullibee, nsomba yonona yomwe imabwera pamiyala yosaya kudzaikira mazira kumapeto kwa nyengoyi, walleye zikuluzikulu zili pambuyo. Inu n'kuitsitsira kanyambo ka masentimita 5? Ikuonani chabe. Ikani nsomba yotchedwa chub ya masentimita 12 kapena 15. Chimene kuzizira kwasintha ndi liwiro basi: nsomba siifuna kuthamanga mtunda wautali, koma pakamwa mpotseguka. Nyambo ikule, dzanja lifatse. Amene mukutsutsa, lembani mu ma comment, ndiyankha aliyense. Ndipo mukadali pomwepo dinani subscribe, zimatithandiza kwambiri.

Chachitatu, usiku. Dzuwa likangolowa, nsomba zomwe zinali pansi zija zimakwera kufika pa madzi a mita imodzi kapena awiri. Ku Huron, tauni ya m'mphepete mwa Erie ku Ohio, anthu amadzaza pa pier (njira yomangidwa kulowa m'nyanja) mu Novembala atavala majekete awiriawiri, kuponya kuchokera kumtunda, opanda boti n'komwe. Nyambo yake ndi crankbait (nyambo yochita kupanga yooneka ngati kansomba) yaitali yowonda, monga Husky Jerk ya kampani ya Rapala. Ponyani, zungulizani pang'onopang'ono, imani, werengani mpaka 3, pitirizani. Imaluma pa kuimapo. Muli pa boti? Kokani nyambo kumbuyo pa liwiro la makilomita awiri pa ola, ulusi utalike kuti injini isaziopseze. Ku Mille Lacs asodzi amadikirira mwezi wathunthu wa Okutobala pa ntchito imeneyi, koma malamulo a nyanja imeneyo amasintha chaka ndi chaka, choncho yambani mwaona za Minnesota DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe m'chigawocho.

Kwa inu amene munakulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, mukudziwa kuti usipa timauitana ndi nyali. Kuno musayese dala. Mukaunika pamadzi osaya, walleye yathawa. Tochi yapamutu muiyatse pomasula mbedza pokha, mutafulatira madzi.

Chachinayi, valani laifu jaketi. Madzi a Novembala amaumitsa manja m'mphindi zochepa, ndipo usiku palibe akuonani mukagwa. Musapite nokha.

Sabata yamawa tikuonetsani kasendedwe ka walleye, kuphatikizapo kanyama ka m'masaya komwe ambiri amataya. Dinani kabelu kuti isakupiteni.