Makalata a omvera: mafunso anu pa nkhondo ndi mtendere wa ku Bosnia

Takulandiraninso omvera athu ku pulogalamu ya makalata anu. Sabata yatha tinatchulako za mwambo wa pa 11 Julaye, tsiku limene anthu a ku Bosnia amasonkhana ku Potočari kukumbukira abale awo amene anaphedwa ku Srebrenica mu 1995, ndipo makalata amene abwera chifukwa cha nkhaniyi achuluka moti nthawi yathu yonse lero ithera ku dziko limeneli.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Karonga, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwo akuti: “Agogo anga anali m’gulu la amtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo kusukulu tinaphunzira kuti nkhondoyo inayambira ku Sarajevo. Kodi ndi mzinda womwewu umene mukuutchula pa nkhondo ya m’zaka za m’ma 1990?”

Bambo, ndi mzinda womwewo, ndipo ndiwo likulu la dziko la Bosnia ndi Herzegovina mpaka lero. Dzikoli lili m’mapiri a dera la Balkan, kummwera chakummawa kwa Ulaya, pamalo amene maufumu akuluakulu akhala akulimbirana. Ufumu wa Ottoman unagonjetsa mafumu a Bosnia mu 1463 n’kulamulira zaka zoposa 400, ndipo m’nthawi imeneyi anthu ambiri analowa Chisilamu, ena n’kukhalabe m’mipingo ya Katolika ndi Orthodox. Mu 1878 dzikolo linagwa m’manja mwa ufumu wa Austria-Hungary, umene unalitenga kotheratu mu 1908, ndipo achinyamata amene ankakana ulamuliro wa alendowu anayamba kukonza ziwembu. Mmodzi wa iwo, Gavrilo Princip, wa zaka 19, anawombera Franz Ferdinand, amene anayenera kudzalowa ufumuwo, pamodzi ndi mkazi wake Sophie pa 28 Juni 1914. Pasanathe miyezi itatu asilikali a Britain ndi a Germany, ambiri mwa iwo anthu akuda, anali akuwomberana kwanu ku Karonga, ndipo m’busa John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu a ku Nyasaland akufera nkhondo imene sinali yawo. Katundu amene agogo anu anasenza anali wa nkhondo imeneyi.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Mangochi, ndipo akuti: “Ine ndine Msilamu, alamu anga ndi Akhristu, pamaliro timakhala limodzi ndipo pa Idi ndi pa Khirisimasi timaitanana. Ndimamva kuti ku Bosnia anthu anaphana chifukwa cha chipembedzo, ndi kuti chidani chawo n’chakalekale moti palibe akanachiletsa. Kodi n’zoona? Zikundichititsa mantha.”

Mayi, ine sindivomereza zakuti nkhondoyi inali yosapeweka. N’zoona kuti magulu atatu akuluakulu a kumeneko amasiyana chipembedzo, pakuti a Bosniak ambiri ndi Asilamu, a Serb ndi a Orthodox, ndipo a Croat ndi Akatolika. N’zoonanso kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaphana koopsa. Koma anthuwa amamvana chinenero popanda womasulira, ndipo m’dziko la Yugoslavia, limene Bosnia inali mbali yake, pansi pa mtsogoleri wake Josip Broz Tito, ankaphunzira limodzi, ankagwira ntchito m’mafakitale amodzi, ndipo m’mizinda ngati Sarajevo, Tuzla ndi Mostar ukwati wa Msilamu ndi Mkhristu sunali wodabwitsa. Kalembera wa 1991 anapeza kuti pa anthu 100 alionse pafupifupi 44 anali Asilamu, 31 a Serb ndi 17 a Croat, ndipo midzi yawo inali yolowanalowana kotero kuti munthu sakanalemba malire popanda kusamutsa anthu ndi mfuti.

Chimene chinasintha ndi ndale. Tito atamwalira mu 1980 chuma chinalowa pansi, ndalama inatha mphamvu, ndipo atsogoleri monga Slobodan Milošević ku Serbia ndi Franjo Tuđman ku Croatia anapeza kuti njira yachidule yokhalira pampando ndiyo kuuza anthu a mtundu wawo kuti anansi awo akufuna kuwatha. Nyumba zoulutsira mawu za boma ndizo zinkafalitsa manthawo tsiku ndi tsiku, chinthu chimene ife ogwira ntchito pawailesi tiyenera kuchikumbukira nthawi zonse tikatsegula maikolofoni. Slovenia ndi Croatia zitachoka mu Yugoslavia mu 1991, Bosnia inachititsa referendamu pa 29 Febuluwale ndi pa 1 Malichi 1992. A Serb ambiri anainyanyala pomvera mtsogoleri wawo Radovan Karadžić, ndipo pafupifupi onse amene anavota anasankha kudziimira paokha. Nkhondo inabuka mu Epulo.

Mphamvu za mbali zolimbanazo zinali zosiyana kutali. Gulu lankhondo la Yugoslavia pochoka linasiyira a Serb a ku Bosnia akasinja ndi mizinga, pansi pa mkulu wa asilikali Ratko Mladić, pamene lamulo la United Nations la mu 1991 loletsa kugulitsa zida ku Yugoslavia yense linamanga manja boma la Bosnia lotsogoleredwa ndi Alija Izetbegović, limene linalibe zida zazikulu. Sarajevo ili m’chigwa chozingidwa ndi mapiri, ndipo mizinga inayalidwa pamapiripo n’kumausinja mzindawo ngati chimanga cha mumtondo. Kuzingidwako kunatenga masiku 1,425. Anthu ankadutsa pamphambano akuthamanga, zigubu za madzi zili m’manja, poopa asilikali obisala amene ankawombera aliyense, ngakhale ana. Mitengo ya m’misewu inathera nkhuni, ndipo mabwalo a masewera a pafupi ndi pamene panachitikira mpikisano wa Olympic mu 1984 anasanduka manda. Mu 1993 anthu a mumzindawo anakumba njira ya pansi panthaka yotalika pafupifupi mamita 800, kudutsa pansi pa bwalo la ndege, ndipo munkadutsa chakudya, zipolopolo ndi anthu ovulala.

Chipembedzo chinagwiritsidwa ntchito ngati chizindikiro chodziwira woti athamangitsidwe. Ku Prijedor anthu osakhala a Serb analamulidwa kumanga nsalu yoyera pamkono, ambiri n’kutsekeredwa m’misasa ya Omarska ndi Keraterm. Ku Foča amayi ankagwiriridwa mwadongosolo. Ku Banja Luka mzikiti wakale wa Ferhadija unaphulitsidwa mu 1993. Chaka chomwecho a Croat ndi a Bosniak anatembenukirana, ndipo asilikali a Croat anagwetsa mlatho wa ku Mostar umene unamangidwa mu 1566. Asilikali a boma la Bosnia nawonso anazunza akaidi a Serb ku msasa wa Čelebići, ndipo ena anamangidwa pa mlanduwo. Komabe mmodzi wa akuluakulu a asilikali amene ankateteza Sarajevo, Jovan Divjak, anali wa mtundu wa Serb. Anthu pafupifupi 100,000 anafa, ochuluka mwa anthu wamba ophedwawo ali a Bosniak, ndipo oposa 2 miliyoni anathawa m’makwawo. Choti muziyang’anitsitsa, mayi, ndi wandale amene akuyamba kukuuzani kuti muziwaopa alamu anuwo.

Kalata yachitatu yachokera ku Zomba, kwa msilikali wopuma amene akuti anagwirako ntchito yosungitsa mtendere ku Congo. Iwo akufunsa: “Asilikali a United Nations analipo ku Srebrenica, mfuti zili m’manja. N’chifukwa chiyani sanamenye nkhondo pamene anthu wamba ankatengedwa pamaso pawo?”

Bambo, inu mukudziwa kuposa ine kuti msilikali amayendera lamulo limene wapatsidwa ndi zida zimene ali nazo. Mu Epulo 1993 United Nations inalengeza kuti Srebrenica ndi malo otetezedwa, koma mayiko sanapereke asilikali okwana kuti mawuwo akhale ndi mphamvu. Pofika Julaye 1995 kunali asilikali a ku Netherlands mazana ochepa chabe, a zida zing’onozing’ono, mafuta ndi zipolopolo zikuwaperewera chifukwa a Serb ankatsekereza magalimoto obweretsa katundu. Ndege za NATO, mgwirizano wa asilikali a America ndi mayiko ena, makamaka a ku Ulaya, sizikanaponya bomba popanda chilolezo cha akuluakulu a United Nations, amene anali ndi mantha chifukwa mu Meyi chaka chomwecho a Serb anagwira asilikali awo mazanamazana, ena n’kuwamangirira ndi unyolo pamalo amene ndege zikanaphulitsa. Pa 11 Julaye ndege zinabwera mochedwa, zinaponya mabomba ochepa, kenako zinaimitsidwa a Serb ataopseza kupha asilikali a ku Netherlands amene anali nawo m’manja.

Anthu zikwizikwi anathawira ku msasa wa asilikaliwo ku Potočari, m’fakitale yakale ya mabatire. Kumeneko asilikali a Mladić anapatula amuna ndi anyamata, amayi ndi ana n’kuwakweza mabasi. Amuna ena ambiri anayesa kuthawa wapansi kudzera m’nkhalango kulowera ku Tuzla, ndipo ambiri anagwidwa panjira. M’masiku ochepa amuna ndi anyamata oposa 8,000 anaphedwa m’masukulu, m’nyumba zosungira katundu monga ya ku Kravica ndi m’mafamu monga ya Branjevo. Patapita miyezi ingapo akuphawo anafukula mitembo ndi makina okumbira n’kukaikwirira kwina kuti abise umboni, n’chifukwa chake mafupa a munthu mmodzi amapezeka m’manda awiri kapena atatu, ndipo pali amayi amene anadikira zaka zambiri kuti zotsatira za DNA ziwauze kuti mafupa ochepa amene apezekawo ndi a mwana wawo. Pafupifupi anthu 7,000 adziwika mwa njira imeneyi, ndipo maliro a amene angopezeka kumene amaikidwa pa 11 Julaye.

Mlandu waukulu uli pa akuphawo. Khoti la ku The Hague linagamula kuti Karadžić ndi Mladić akhale m’ndende moyo wawo wonse, ndipo mu 2007 khoti lalikulu la United Nations linatsimikiza kuti ku Srebrenica kunachitika mlandu wopulula mtundu wa anthu. Koma osungitsa mtenderewo sangasambe m’manja, chifukwa anatulutsa mumpanda wawo amuna amene anali atalowa kale kubisala. Boma la Netherlands linatula pansi udindo mu 2002 chifukwa cha nkhaniyi, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la dzikolo linati boma lili ndi gawo pa imfa ya amuna pafupifupi 350. Zimene zinachitika ku Srebrenica ndi ku Rwanda ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti ntchito yoteteza anthu wamba izilembedwa momveka m’malamulo a asilikali osungitsa mtendere, ndipo gulu la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa limene linatumizidwa ku Congo mu 2013 linapatsidwa mphamvu yoyamba lokha kuthira nkhondo zigawenga.

Kalata yomaliza ndi ya mtsikana wophunzira ku Chipata, ndipo yafupika: “Kodi n’zoona kuti Bosnia ili ndi mapulezidenti atatu?”

N’zoona, mwanawe. Ndege za NATO zitaphulitsa malo a asilikali a Serb mu Ogasiti ndi Seputembala 1995, Izetbegović, Milošević ndi Tuđman anakhalirana pansi ku Dayton m’dziko la America, ndipo pangano lawo linasainidwa ku Paris pa 14 Disembala. Dzikolo linakhalabe limodzi koma la zigawo ziwiri, Federation ya a Bosniak ndi a Croat ndi Republika Srpska ya a Serb, zimene zinagawana nthaka pa mlingo wa 51 ndi 49 pa 100. Mpando wa pulezidenti uli ndi anthu atatu, mmodzi wa mtundu uliwonse, ndipo amasinthana utsogoleri miyezi 8 iliyonse. Pamwamba pawo pali nthumwi yochokera kunja yokhala ndi mphamvu zokhazikitsa malamulo ndi kuchotsa andale paudindo.

Zabwino zilipo. Mfuti zinaleka kulira, magulu ankhondo amene ankaphana anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi mu 2006, ndipo manambala a magalimoto anasinthidwa mu 1998 kuti asamaonetse dera limene munthu wachokera, zimene zinathandiza anthu kuyendanso m’dziko lawo mosaopa kugendedwa. Chimene chimandiwawa n’chakuti panganolo linasiya m’malo mwake malire amene anajambulidwa ndi nkhondo, ndipo limachititsa kuti wandale aziwina mavoti poteteza mtundu wake wokha. Nyimbo ya fuko ilibe mawu chifukwa sanagwirizane zoti aziimba, ndipo m’madera ena ana a Bosniak ndi a Croat amaphunzira m’nyumba imodzi koma m’makalasi osiyana, mbiri ya dziko lawo akuiphunzira mosiyananso. Munthu amene si wa mitundu itatuyo saloledwa kupikisana nawo pa mpando wa pulezidenti. Dervo Sejdić, wa mtundu wa Roma, ndi Jakob Finci, Myuda, anakadandaula ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe, limene mu 2009 linagamula kuti lamulolo n’latsankho, koma andale a ku Bosnia sanalisinthebe.