Chaka chimene fuluwenza inasowa

[Chithunzi: m'mawa pa depoti ya Mzuzu, nkhungu ili tolo, anthu ali m'majekete]

Moni nonse amene mukutionera. Kuno ndi ku Mzuzu, mwezi wa Juni, kamvula kakuwaza. Mwakwera minibasi ya ku Luwinga, mawindo onse ndi otseka, kumbuyo wina akutsokomola. Pofika Lachisanu, banja lonse lili pamphasa. Timati ndi kuzizira. Komatu mu 2020 nyengo yozizira inabwera monga mwa masiku onse, fuluwenza osaoneka. Inapita kuti?

Tiyambe tasiyanitsa. Ife timangoti chimfine, koma pali chimfine wamba cha mamina ndi kuyetsemula, ndiye pali fuluwenza. Iyi imakugwetsa mwadzidzidzi: thupi kutentha, mutu, kuphwanya m'thupi ngati malungo. Bungwe la zaumoyo la WHO limati chaka chilichonse imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lonse.

[Chithunzi: ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo la sitolo]

Mukukumbukira. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, Covid-19 isanapezeke n'komwe m'dziko muno, pakuti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Kenaka masiki, ndowa pakhomo lililonse, moni wa chigongono, ndege zitaima.

Tsono imvani izi. Ku South Africa, Australia ndi Chile kumazizira nthawi imodzi ndi kwathu kuno. Pakati pa Epulo ndi Julayi 2020 anayeza anthu oposa 83,000, ndipo fuluwenza inapezeka mwa 51 okha. Miyezi yomweyo zaka zitatu zam'mbuyo, imapezeka mwa anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse oyezedwa.

Njira zopewera Covid zija ndi zimene zinathandiza kusowetsa fuluwenza. Nanga bwanji njira zomwezo sizinathetse Covid? Apa ndi pamene pagona nkhani. Fuluwenza ndi mlendo wakale, matupi athu ambiri amaidziwako, ndiye imafala movutikira: odwala 10 amapatsira anthu pafupifupi 13. Mukangochotsapo anayi, otenga matenda akhala ochepa kuposa owapatsira, ndipo moto umazima wokha. Covid inali yachilendo, aliyense anali udzu wouma, choncho inkadumpha mpanda umene fuluwenza inalephera. Ndipo si masiki yokha inagwira ntchitoyi. Ana, amene amatenga fuluwenza m'kalasi n'kukapatsira agogo kunyumba, anali pakhomo. Apaulendo amene amaisamutsa kuchoka dziko lina kupita lina analinso atakhala pansi.

Mtundu wina wa fuluwenza, wotchedwa B/Yamagata, sunapezekenso chichokereni Malichi 2020, moti mu 2023 WHO inalangiza kuti auchotse mu katemera. Ine zimenezi zimandigwira mtima: anthu wamba, ndi kansalu pamphuno, kuthandiza kufafaniza kachilombo kamene sanali kulimbana nako n'komwe.

Mitundu inayo inabwerera titangotayirira. Ku Australia mu 2022 inafika msanga ndiponso mwamphamvu, itapeza ana aang'ono amene anali asanakumane nayo.

[Chithunzi: ndowa yomweyo, youma, mpopi utathyoka]

Palibe akufuna kuti sukulu zitsekedwenso. Koma zina n'zosalira ndalama. Tsegulaniko windo la minibasi pang'ono, ngakhale anzanu adandaule mphepo, pakuti kachilomboka kamaunjikana mu mpweya wotsekeredwa. Posamba m'manja nsima isanabwere, thiriranani madzi, osati nonse kuviika m'beseni limodzi. Ngati mukutsokomola koma simungajombe ku msika kapena ku tchalitchi, valani masiki ija ili m'sutikesi.

Thupi likatentha, kayezetseni malungo. Akapanda kupezeka, musathamangire kugula amoxicillin, sagwira tizilombo ta fuluwenza. Koma khanda, mayi woyembekezera, agogo, kapena wodwala mphumu, shuga kapena amene ali ndi HIV akayamba kubanika, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala.