Magemu a RPG: chimene chimawasiyanitsa ndi magemu ena

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Mwandipempha kuti ndifotokoze za magemu a pa kompyuta aja amawatchula kuti RPG, poti ambiri mukumaona ana akutha maola pagemu imodzi osadziwa kuti chawakoka n'chiyani.

Tonsefe tinasewerapo masanje. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina fisi, ndipo aliyense ankayenera kuchita zogwirizana ndi udindo wake. RPG, chidule cha mawu a Chingerezi akuti role-playing game, nayo imayambira pomwepo: mumatenga udindo wa munthu wina n'kumaganiza ngati iyeyo.

Poyamba sizinali za kompyuta ayi. Mu 1974 ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, yomwe anthu ankasewera atazungulira tebulo, ali ndi pepala, pensulo ndi madayisi. Aliyense ankalemba mphamvu, nzeru ndi changu cha munthu wake mu manambala. Akafuna kuthyola chitseko ankaponya dayisi, ndipo nambala ya mphamvu ija ndi imene inkathandiza kugamula ngati chitsekocho chithyoke. Pofika mu 1981, magemu a Ultima ndi Wizardry anali atapereka ntchito ya madayisiyo kwa kompyuta. Ku Japan kunabwera Dragon Quest mu 1986 ndi Final Fantasy mu 1987.

Tsono apa mvetsetsani. Pagemu ya mpira, kugoletsa kumadalira zala zanu. Pa RPG kumadalira munthu amene mwamuumba. Zala zikhale zachangu chotani, ngati munthu wanuyo sadziwa kutsegula loko, loko satseguka. Amaphunzira pang'onopang'ono, manambala ake n'kumakwera, ndipo zimene mwasankha lero zimakupezani kutsogolo.

Imene ndimaikonda koposa ndi Fallout ya mu 1997. Dziko lawonongeka ndi nkhondo ya mabomba a nyukiliya, ndipo anthu a kwanu akukhala m'nyumba ya pansi pa nthaka yotchedwa Vault 13. Kachipangizo koyeretsera madzi kawonongeka, akutumani kunja, ndipo mwapatsidwa masiku 150 kuti mupeze kena madzi asanathe. Mukaumba munthu wa nzeru zochepa kwambiri, amalephera ngakhale kuyankhula bwinobwino, anthu ambiri n'kumakana kumutuma ntchito. Mukaumba wodziwa kuyankhula, mdani wamkulu wa kumapeto, uja amamutcha Master, simufunika kumuwombera. Mumangomuonetsa umboni woti asilikali amene akuwapanga sangabereke, choncho mtundu umene akufuna kuyambitsa ulibe tsogolo. Akazindikira zimenezi, amadziwononga yekha. Taganizani, nkhondo yonse kutha ndi kukambirana! Kwa ine, palibe chimene chimaonetsa mtima wa RPG kuposa pamenepa.

Ena amati RPG ndi gemu iliyonse ya malupanga ndi zinjoka. Ine ndikukana. Mu Disco Elysium ya mu 2019 mumakhala wapolisi wofufuza za imfa ya munthu, ataiwala ngakhale dzina lake lomwe chifukwa cha mowa. Ndewu mulibe kwenikweni. Maluso ake 24 amamuyankhula m'mutu ngati anthu, ena kumulangiza bwino, ena kumusocheretsa. Komabe ndi RPG yeniyeni. Pali mkangano wina wakuti magemu a ku Japan sapereka mpata wokwanira wosankha, nkhani yake inalembedwa kale. Mfundoyo ndi yomveka, ngakhale kuti kukula kwa manambala kuja kulimo ndithu.

Makolo, magemu amenewa ndi aatali, ena amatenga maola opitirira 50, ndipo muli zowerenga zambiri m'Chingerezi, zomwe zingamuthandize mwana pachiyankhulocho. Koma si onse oyenera ana. The Witcher 3 ya ku Poland ya mu 2015 ndi Baldur's Gate 3 ya ku Belgium ya mu 2023 ndi zabwino kwambiri, koma zonse ziwiri ndi za anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, chifukwa muli magazi ndi za akuluakulu. Nambala ya zakayo imalembedwa pachikuto kapena pamene mukugulira pa intaneti, ndiye muziyamba mwaiona mwana asanaike gemuyo mu kompyuta.