Narcos: pangano la 1979 lomwe linkamusowetsa tulo Escobar

Mukamaonera sewero la Narcos pa Netflix, maso amathamangira pa mfuti ndi milu ya madola. Koma kuti mumvetse chifukwa chake Pablo Escobar, mkulu wa gulu lozembetsa kokeni la mumzinda wa Medellín ku Colombia, ankapha oweruza, nduna ndi atolankhani, tsatirani pangano lomwe Colombia ndi United States adasainirana mu 1979. Panganoli linkalola kuti munthu wogwidwa ku Colombia atumizidwe ku America kukazengedwa mlandu.

Kwawo, Escobar ankagula woweruza ndi ziphuphu, akakana n'kumupha. Ndiwo mawu aja mumawamva m'seweroli, plata o plomo: landira ndalama kapena chipolopolo. Ku khoti la ku America njira imeneyi sikanagwira ntchito, ndipo iye ankadziwa. N'chifukwa chake iye ndi anzake a ku Medellín adadzitcha Los Extraditables, kutanthauza anthu omwe angatumizidwe kunja, n'kumanena kuti bola manda ku Colombia kusiyana ndi ndende ya ku America.

Tsopano ikani zochitika m'ndondomeko. Mu March 1984 apolisi adaphwasula malo opangira kokeni a gulu la Medellín otchedwa Tranquilandia m'nkhalango, n'kulanda matani oposa 13. Pa 30 April chaka chomwecho, nduna ya zachilungamo Rodrigo Lara Bonilla adawomberedwa ku Bogotá, ndipo boma lidayankha poyamba kutumiza anthu ku America. Carlos Lehder, mnzake wa Escobar yemwe ankadutsitsa kokeni pa chilumba cha Norman's Cay ku Bahamas, adatumizidwa mu 1987. Mu August 1989 a gulu la Medellín adapha Luis Carlos Galán, wopikisana nawo pa upulezidenti yemwe ankagwirizana ndi panganolo. November wake bomba lidaphulitsa ndege ya Avianca, anthu 107 omwe anali m'menemo n'kufa onse.

Apa ndi pomwe pamawawa. Pa 19 June 1991, msonkhano wolemba malamulo atsopano oyendetsera dziko udavomereza zoletsa kutumiza nzika za Colombia kunja. Tsiku lomwelo Escobar adadzipereka, n'kukalowa La Catedral, ndende yomwe idamangidwa motsatira zofuna zake. Adathawamo mu July 1992, ndipo adaphedwa padenga la nyumba ku Medellín pa 2 December 1993.

Musameze zonse za m'seweroli. Msilikali Horacio Carrillo ndi munthu wopeka, ngakhale adamuumba potengera apolisi enieni a gulu losaka Escobar. Gawo lachitatu limaonetsa Javier Peña, wapolisi wa ku America wolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, akutsogolera ntchito yogwetsa gulu lina lozembetsa kokeni la mumzinda wa Cali, pomwe Peña weniweni sanali mkati mwa ntchitoyo. Nkhani yoti Escobar adalipira zigawenga za M-19 kuti ziukire nyumba ya khoti lalikulu mu 1985, akatswiri amatsutsanabe mpaka lero, koma sewerolo limaionetsa ngati yotsimikizika.

Mukafuna kumva mbali ya anthu ovutitsidwa, onerani Escobar, el patrón del mal, lomwe kanema wa Caracol adatulutsa mu 2012. Buku la Gabriel García Márquez, Noticia de un secuestro, limalongosola za anthu omwe adabedwa mu 1990 pofuna kukakamiza boma pa nkhani yomweyi.

Nanga a Cali? Abale awiri, Gilberto ndi Miguel Rodríguez Orejuela, ankadalira ziphuphu kuposa mabomba, ndipo adagwidwa mu 1995. Colombia idabwezeretsa lamulo lotumiza anthu kunja mu 1997. Gilberto adatumizidwa ku America mu 2004, Miguel mu 2005.