Holo ya Grange: Nyumba Imene Alimi a ku America Anadzimangira

[Chithunzi: nyumba yamatabwa yoyera pamphambano]

Mukamadutsa m'midzi ya ku Maine kapena Pennsylvania, mudzaona nyumba zamatabwa zooneka ngati tchalitchi koma zopanda mtanda. Pakhomo pamakhala chizindikiro cha mtolo wa tirigu. Imeneyo ndi holo ya Grange.

Bungwe la alimi la Grange linayamba pa 4 December 1867 ku Washington, D.C. Analiyambitsa ndi Oliver Hudson Kelley, mlimi wa ku Minnesota, ndi anzake asanu ndi mmodzi. Wachibale wake, Caroline Hall, ndiye anaumirira kuti amayi alowe ndi kuvota mofanana ndi abambo, dziko lisanawalole n'komwe kuvota pa chisankho. Nthambi ya ku Fredonia, New York, inatsegulidwa mu 1868.

[Chithunzi: mkati mwa holo]

Tiyeni tilowe. Maholo ambiri ndi osanja. Pansi pali khitchini ndi matebulo ataliatali. Apa ndi podyera, pochitira maphwando a ukwati ndi posonkhana anthu akachoka kumaliro. Pamwamba ndi pamsonkhano. Pali siteji, ndipo aliyense mwa akuluakulu 13 ali ndi malo ake. Mlonda wa pakhomo kale ankafunsa mawu achinsinsi. Mipando inayi ndi ya amayi okha: Ceres, Pomona, Flora (maina a milungu yaikazi ya Aroma ya mbewu, zipatso ndi maluwa) ndi wothandiza kusunga zipangizo. Koma ife timati mpando wofunika kwambiri ndi wa mphunzitsi, amene amakonza zoti anthu aphunzirepo kanthu pa msonkhano uliwonse, kaya za mbewu, mitengo ya zokolola kapena malamulo atsopano.

M'zipinda zimenezi ndi mmene alimi anapangana zolimbana ndi makampani a njanji ndi eni nkhokwe, omwe ankawadyera masuku pamutu. Mu 1875 mamembala anapitirira 850,000. Mu 1877, pa mlandu wa Munn v. Illinois, khoti lalikulu linavomereza kuti boma lingaike malire pa ndalama zosungitsira mbewu. Grange inamenyeranso nkhondo kuti makalata azifika pakhomo kumudzi, zomwe zinayamba mu 1896.

Panavuta ndi pa malonda. Kugulira pamodzi zipangizo kunkayenda bwino, koma nthambi zina zinathamangira kutsegula mafakitale popanda mpamba wokwanira. Ku Iowa fakitale ya makina okololera inagwa, ngongole zinatsala, ndipo pofika 1880 mamembala ambiri anali atachoka.

Lero vuto ndi lina. Alimi ndi ochepa, mamembala akalamba, pamene denga, inshuwalansi ndi zotenthetsera nyumba m'chisanu zikufuna ndalama chaka ndi chaka. Denga likayamba kudontha osakonzedwa, madzi amaoletsa mitanda, ndipo masitepe opita pamwamba amagonjetsa okalamba. Maholo amene akupirira ndi obwereketsa khitchini, ochititsa msika wa alimi, magule ndi chakudya cholipiritsa. Nthambi ikatsekedwa, kawirikawiri holoyo imapita m'manja mwa Grange ya chigawo, ndipo ambiri mwa maholo otere agulitsidwa n'kusanduka nyumba zogonamo.